Mbeta Yodyetsa Midzi Iwiri

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu kuli ufumu wotchedwa Tidyamawa. Ndi dziko la nthaka yokoma, loti ukalavula njere ya dzungu popita, pobwerera umapeza mpanda wa mnzako utagwa ndi maungu. Komabe anthu ake ankagona ndi njala, ndipo ankagona nayo mwaulemu, chifukwa njala ya kumeneko inachita kukhazikitsidwa ndi lamulo.

Zinayamba pamene Nduna ya Zamimba, a Mbwetule, anabwerako ku msonkhano wa maufumu oyandikana, kumene anakambirana za njala mpaka mabatani a malaya awo anathothoka. Anabwera ndi chipewa chatsopano kumutu ndi mawu atsopano m'kamwa. Atafika ku likulu la Pampando anagwada pamaso pa Mfumu Ndakhuta Wachiwiri n'kuwomba m'manja.

"Mwini nthaka, gwero la njala ndalipeza. Chakudya cha dziko lino chilibe mwambo. Chimangoyenda chokha, kuchoka mudzi uno kupita mudzi uwo, osalonjera mwini wake. Kodi mwana wodutsa pakhomo pa bambo wake osapereka moni angadalitsike?"

Mfumu inagwedeza mutu. Nduna zina zitaona mutu wa Mfumu ukugwedezeka nazonso zinagwedeza yawo, ngakhale zimene zinali m'tulo.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Chakudya chilichonse chotuluka m'mudzi umene chalimidwa chiyambe chapita ku Pampando, chikalonjere Mfumu, chikadindidwe chidindo, chikapume mu Nkhokwe Yaikulu ya Chigawo, kenako chizipita kumene chinkapita. Lamulolo analitcha Ndondomeko Yokhazikika ya Kayendedwe Kaulemu ka Chakudya, dzina loti munthu wanjala sangalimalize osakhala pansi.

Mfumu inangofunsa chinthu chimodzi. Inali Mfumu yokonda kukwatira, ndipo inkakwatira monga anthu ena amasinthira nsapato.

"Nanga madengu amene amayenda ndi ankhoswe anga?"

"Amenewo si chakudya, mwini nthaka," anatero a Mbwetule mwachangu. "Amenewo ndi mwambo."

Choncho kumapeto kwa lamulo anawonjezerako mchira woti katundu wonyamulidwa ndi ankhoswe pa nkhani za ukwati aziwoloka popanda womufunsa.

Kutali ndi Pampando, kumene fumbi la galimoto za nduna silifika, kunali midzi iwiri yoyang'anana. Nyembazokha unali pa phiri, ndipo unkalima nyemba, nandolo ndi mbatata. Mpungawokha unali m'dambo, ndipo unali ndi mpunga, chimanga cha kudimba, matemba ndi milamba youma. Pakati pawo panali kamtsinje ka Dumphani, koti mwana wa miyendo yaitali akhoza kukalumpha. Kuyambira kale a kuphiri ankatsika ndi zawo, a kudambo ankakwera ndi zawo, n'kusinthana pa mlatho. Chilala chikaotcha phiri, dambo linkadyetsa onse. Madzi akamiza dambo, phiri linkabweza ngongole ya ulemu. Panalibe amene ankadziwa kuti zimenezi zili ndi dzina la kumsonkhano. Ankangoti ndi tsiku la msika.

Tsopano pa mlatho paja panaikidwa chipata, ndipo pachipatapo panaikidwa Sajeni Kanunkhiza, munthu wa mphuno yotha kumva themba limodzi lobisidwa m'mpango. A kuphiri anatsala ndi ndiwo zopanda chodyera, a kudambo anatsala ndi chodyera chosowa ndiwo. Usiku ku Nyembazokha, nyemba zikayamba ntchito m'mimba, kunkamveka ngati kukubwera mvula, koma kumwamba kuli mbee.

Ku Nyembazokha kunali mnyamata dzina lake Yotamu, amene anali atangomaliza sukulu ndipo analibe chochita china koma kuganiza. Tsiku lina akuyenda m'mbali mwa Dumphani anaona mtsikana tsidya lina akupeta mpunga. Mphepo inkanyamula mankhusu n'kuwasiya m'tsitsi mwake, dzuwa n'kumawawalitsa, moti Yotamu anaiwala kumene ankapita, ndipo sanakumbukirenso mpaka lero. Mtsikanayo anali Nelesi. Anayamba kulankhulana, wina tsidya lino wina tsidya lija, chifukwa mawu okha ndi amene sankafunika kukalonjera Mfumu.

Mwezi usanathe Yotamu anakagwada kwa atsibweni ake, a Kamtedza.

"Atsibweni, ndaona mbeta ku Mpungawokha. Mukandifunsire."

"Iwe, tikudya nyemba m'mawa, nyemba masana, ndiye ukufuna kuwonjezera pakamwa pena?"

"Chikondi sichidya, atsibweni."

"Udzandiuze ukadzakhala nacho m'nyumba."

Koma a Kamtedza ankamukonda mwana wa mlongo wawoyo, ndiye anavala jekete lawo la maliro ndi maukwati n'kutsika phiri. Popeza kwa eni mbeta sapita chimanjamanja, anasenza kadengu ka nyemba. Pachipata Sajeni Kanunkhiza ananunkhiza, nafunsa, namva kuti ndi nkhani ya ukwati, n'kutsegula. Madzulo a Kamtedza anabwerera ndi kadengu komweko kodzaza mpunga, pamwamba pali matemba, mphatso yochokera kwa mai Nasoko, azakhali a Nelesi, amene anali nkhoswe ya kuchikazi.

Tsiku limenelo banja lonse linadya mwakachetechete ngati lili m'tchalitchi. Yotamu yekha ndiye sankameza.

"Ayankha chiyani, atsibweni?"

A Kamtedza ananyambita chala chimodzi, kenako china, maso ali kutali ngati munthu amene waona masomphenya.

"Mphwanga, nkhani ya ukwati sathamangira."

Ulendo wachiwiri anapita ndi madengu awiri ndi munthu wowathandiza kumva. Anabwerako ndi uthenga woti kumeneko atsikana ndi ambiri, sakudziwa kuti akunenedwa ndi uti. Ulendo wotsatira anapita anthu ochulukirapo, ndipo mtsikana anadziwika, koma panali malume ena okhala kutali amene anayenera kuuzidwa. Malumewo atauzidwa, kunapezeka kuti tambala wa kuchimuna ali ndi lipombo lopendekera kumanzere, chinthu chimene mai Nasoko anati sichinaonekepo m'banja mwawo. Atapeza tambala wa lipombo loongoka, a Kamtedza ndi amene anakumbukira kuti mbuzi ya agogo a agogo ake a Nelesi inadyapo nandolo wa kuphiri, ndipo mlanduwo sunakambidwe.

Pofika kukolola kwachiwiri, ankhoswe a Yotamu anali theka la mudzi. Ankatsika phiri pa mzere ngati linthumbu, madengu kumutu, ngolo pambuyo. Munthu wina wobwera, amene analibe m'bale ngakhale mmodzi m'dera lonselo, anadzipeza ali msuweni wa Yotamu wa kuchimuna. A kudambo nawo ankakwera kudzapereka yankho, ndipo yankho lawo linkalemera moti linkafuna ng'ombe zokoka. Ana a midzi yonse iwiri anayamba kutuluka masaya. Aliyense akakumana ndi Yotamu ankamupatsa moni ndi manja awiri.

"Akamwini athu, mwadzuka bwanji? Mtima ukadali pomwe paja? Muziusamala mtimawo, tikuudalira."

Yotamu yekha ndi amene ankaonda.

"Akutiseweretsa," anauza Nelesi tsiku lina pa Dumphani. "Dzulo akuti anakambirana za mtundu wa mpini wa khasu. Tsiku lonse, mpini."

Nelesi anali akutsuka mbale, ndipo sanadzutse mutu.

"Ndinamva. Azakhali akuti sabata yamawa ndi ya chipande."

"Ndiye iwe ukuseka?"

"Ukufuna ndilire? Tayang'ana ana awo akusamba apowo. Chaka chatha unkatha kuwawerenga nthiti uli tsidya lakolo."

"Ine sindinafunsire mudzi. Ndinafunsira iwe."

"Ndipo ine ndinakulola kalekale. Sindikuthawa."

"Nelesi, ndikagona ndimalota tili m'kanyumba kathu, iwe ukupeta pakhonde, ine ndikukuwerengera ndakatulo. Ndikadzuka ndimapeza atsibweni akusoka dengu latsopano. Tidzakwatirana tili ndi ndodo."

"Ndodo zake zidzafunanso kukambirana," anatero Nelesi, n'kuseka mpaka mbale inamupulumuka.

Yotamu sanaseke. Anakwera phiri mtima ukuwira, ndipo munthu wa mtima wowira salephera kupeza nzeru yolakwika.

Pofuna kuti a ku likulu asadabwe, mudzi wa Nyembazokha unkatumiza ngolo ya nyemba ku Pampando kamodzikamodzi, nyemba zake zimene anankafumbwe anali atazilonjera kale. Ntchito yoperekeza ngoloyo anthu ankaithawa. Ulendo uno Yotamu anadzipereka yekha, ndipo a Kamtedza anayamikira kuti mwanayo wayamba kukula.

Ku Pampando anapeza mzere wa chakudya wochokera pa chipata cha nyumba ya Mfumu, kudutsa mumsika, mpaka kumanda. Mumsikamo munalibe chogulitsa kupatula mipando yobwereketsa kwa odikira. Patsogolo pake panali mayi wina atakhalira thumba lodontha.

"Mwanyamula chiyani, mayi?"

"Pochoka kwathu anali tomato. Panopa ndikudikira a chidindo andiuze."

"Ine ndinabwera ndi mazira," anatero bambo wina kumbuyo. "Ena anawadinda, aja ndiye anapita. Otsalawa aswa okha pa mzere pano, ndiye akuti ndibwerere kumbuyo chifukwa anapiye ali ndi mzere wawo."

"Nanga kumene mumapititsa chakudyachi, anthu akudya chiyani?"

"Akudya ulemu, mwana wanga," anatero mayi uja. "Akuti umakhalitsa m'mimba."

Pakati pa mzinda panaima Nkhokwe Yaikulu ya Chigawo, yopakidwa laimu, yokhala ndi mbendera pamwamba ndi maluwa kuzungulira. Inali yokongola ukaiona uli kumene mphepo ikuchokera. Makoswe a m'menemo ankatuluka masana n'kumayenda pang'onopang'ono ngati akuluakulu a boma, ndipo alonda ankawapatukira.

Tsikulo linali la madandaulo, pamene Mfumu inkamvera anthu ake pabwalo. Poyamba analankhula a Mbwetule.

"Mwini nthaka, chiyambireni ndondomeko yathu palibe dzungu ngakhale limodzi limene lawola popanda boma kudziwa. Kale chakudya chinkawonongeka mobalalika, uku ndi uku, mosalongosoka. Lero chikuwonongekera malo amodzi. Maufumu anzathu akutumiza anthu kudzaphunzira."

Anthu anawomba m'manja mofooka, poti manja nawo amafuna kudya. Kenako anaitana odandaula. Woyamba anati kwawo kuli njala, ndipo anauzidwa kuti mawu akuti njala anathetsedwa, tsopano amati kudikira. Wachiwiri atamva zimenezo anati wangobwera kudzaona Mfumu. Wachitatu anali Yotamu. Anagwada.

"Mwini nthaka, ine langa si dandaulo la m'mimba. Ndi la mumtima."

Mfumu, imene inali itayamba kuwodzera, inatsegula diso limodzi.

"Ndinafunsira mbeta tsidya la Dumphani. Mtsikana anandilola. Koma takolola kawiri ankhoswe akungopita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, nkhani osatha."

Mfumu inatsegula diso linalo n'kukhala tsonga. Iyi inali nkhani imene inkaidziwa kuposa zonse za m'dziko lake.

"Kukolola kawiri? Ine nkhani yotere ndimaimaliza tiyi asanazizire. Amapita angati ankhoswewo?"

Apa ndi pamene Yotamu anaona dzenje limene anakumba yekha. M'maso mwake munabwera mzere wa madengu, ngolo, ndi ana aja akusamba pa Dumphani. A Mbwetule anali atapendeketsa chipewa kuti amve bwino.

"Amapita... oyenera kupita, mwini nthaka."

"Nanga akuchedwa chifukwa chiyani?"

"Ndi anthu okonda mwambo kwambiri."

"Mwambo ndi wabwino," inatero Mfumu, "koma mwambo wolekanitsa mwamuna ndi mkazi ndi kuukira boma. Mwana uyu wandikumbutsa unyamata wanga wa chaka chatha. Chinkhoswe chichitike Loweruka likudzali. A Mbwetule mukakhalepo m'malo mwanga. Chikatha, ankhoswe onsewo apume."

Yotamu anawomba m'manja. Anali atapeza chimene anadzera, ndipo chinkamulemera ngati mwala wa mphero.

Uthenga unafika kumudzi iye asanafike, poti uthenga suyenda pa ngolo. Atatulukira pa mlatho anapeza anthu a midzi yonse iwiri ataima mbali zonse za chipata. Palibe amene anamutukwana. Bwenzi zili bwino akanamutukwana.

"Afika eni chikondi," anatero mayi wina motsitsa. "Apatukireni, mtima ungagwe."

A Kamtedza anali atakhala pa dengu lovundikira, jekete lili pamaondo.

"Wayenda bwanji, mphwanga? Nyemba zalonjera?"

"Atsibweni, sindinaulule kanthu."

"Ayi, wachita bwino. Nkhuku sunaibe, wangogwetsa khola. Walira mvula walira matope. Loweruka udye kwambiri, chifukwa ukudyera tonse."

Yotamu anayang'ana tsidya kufuna Nelesi. Pamalo pamene ankatsukira mbale panali mwala wokha.

Loweruka a Mbwetule anafika ndi galimoto zitatu, imodzi yonyamula iwo, ina chipewa chapadera, ina anthu owomba m'manja. Ataona ana onenepa akuthamangathamanga anaima n'kugwira pamtima.

"Taonani zipatso za ndondomeko. Ana awa adya chakudya cholonjera. Wina awajambule msanga asanaonde."

Mwambo unayamba. Monga zimakhalira pa chinkhoswe, a kuchikazi amabweretsa mtsikana wofundidwa chitenje kumutu kuti a kuchimuna anene ngati ndi yemweyo, ndipo amayamba ndi mmodzi kapena awiri abodza, anthu aseke. Mai Nasoko anaona kuti mpata wotsiriza ndi umenewu. Anabweretsa woyamba, a Kamtedza anamuzungulira, anayang'ana zidendene, anapempha nthawi yoganiza, n'kukana. Anabweretsa wachiwiri. Anabweretsa wachisanu. Atsikana atatha anayamba amayi apabanja, amayi atatha anabwereza atsikana aja atasinthana zitenje. Dzuwa litapendeka anavundukula wina n'kupeza ndi mkulu wa mpingo, ndevu zili yangayanga.

A Mbwetule, amene fungo la mpunga wa kukhitchini linali litawazunza kuyambira m'mawa, anamenya ndodo pansi.

"M'dzina la Mfumu, amene atuluke tsopanoyu ndi yemweyo, kaya akhale ndani."

Mai Nasoko anayang'ana a Kamtedza, a Kamtedza anayang'ana kumwamba. Sakanalola kuti mwana wa mlongo wawo akwatire munthu wongopezekapo. Mai Nasoko anatulutsa Nelesi. Tambala anapita kuchikazi, thadzi linapita kuchimuna, nthungululu zinalira zoonda ngati za anthu amene akumbukira maliro. A Mbwetule anadya, ananyamula zotsala kuti zikalonjere Mfumu, ndipo pochoka anauza Sajeni Kanunkhiza kuti nkhani ya ukwati yatha, chipata chitsekedwe.

Yotamu anasamukira ku Mpungawokha monga mkamwini. Kanyumba kanalipo, khonde linalipo, Nelesi analipo, zonse monga m'maloto aja. Koma m'maloto munalibe mbale. M'mawa unali mpunga wa mchere, masana mpunga wa mchere, madzulo mchere wa mpunga. Matemba anatha msanga poti tsopano ndiwo zinali zomwezo, ndipo madzi a m'dambo anali ataphwa. Kuphiri mabingu a usiku anayambiranso. Ana akamuona Yotamu ankasiya kusewera n'kumamuyang'ana mwaulemu woopsa.

Choopsa kwambiri chinali chakuti Nelesi anasiya kumutchula kuti iwe.

"Madzi anu osamba ali kubafa."

"Nelesi, bwanji ukundilankhula ngati mlendo?"

"Ndikukulemekezani. Si inu odziwana ndi Mfumu?"

Tsiku lina m'mawa, la msika umene sunalinso msika, Yotamu anaganiza zokonza zinthu ndi chida chokhacho chimene anali nacho. Nelesi akupeta pakhonde, iye anaima patsogolo pake, dzanja pamtima, n'kuyamba ndakatulo yonena kuti maso a mkazi wake ndi chakudya chokwanira moyo wake wonse.

Nelesi anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Maso anga ndi chakudya?"

"Ndi fanizo chabe."

"Ndiye pita ukauze ana a achemwali anga abwere adzandiyang'ane, akhute. Pita ukaitane mudzi wonse ukhale pa mzere, ndiziwaphethira mmodzimmodzi." Mawu ake ankakwera ngati madzi a mumphika. "Unalephera kudikira. Anthu akulu ndi ndevu zawo anakhala pansi kukangana za mpini wa khasu, kudzichititsa manyazi kuti ana adye, iwe n'kukagwada kwa Mfumu ngati mwana wolandidwa chidole. Unkafuna mkazi? Wamupeza. Tsopano umve mmene amalankhulira."

Analowa m'nyumba. Panatuluka mkeka, panatuluka nsapato imodzi, panatuluka mabuku a kusukulu akuuluka ngati nkhunda, kenako nsapato inayo, imene inamupeza Yotamu pa phewa. Mudzi wonse unali utatuluka kudzaonerera, poti kunalibe chophika choti chiwachedwetse.

Yotamu anamanga phukusi lake n'kuwoloka mlatho mutu uli pansi. Sajeni Kanunkhiza ananunkhiza phukusilo n'kunena kuti mukununkha manyazi okha, adutse.

Yotamu anapeza a Kamtedza akusankha nyemba pa mkeka.

"Atsibweni, wandithamangitsa."

"Ndani?"

"Nelesi. Banja latha."

A Kamtedza anasiya kusankha. Anamuyang'ana mwana wa mlongo wawo nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inayamba kuwala pang'onopang'ono ngati kunja kukucha.

"Wakuthamangitsa anthu akuona?"

"Mudzi wonse."

"Ndi mawu oipa?"

"Ndi nsapato yomwe."

"Mwana wolera bwino," ananong'ona a Kamtedza. Anadzuka n'kukuwira kuseri kwa nyumba. "Mayi a kuno, jekete langa lili kuti? Uzani anthu atulutse madengu. Amange ng'ombe."

"Atsibweni, ine ndikulira, inu mukumanga ng'ombe?"

"Lira ndithu, ukulira bwino. Banja likagwedezeka amaitana ndani? Ankhoswe. Ndipo ankhoswe opita kukapepesa sapita chimanjamanja."

Pachipata Sajeni Kanunkhiza anatambasula manja.

"Anduna anati nkhani ya ukwati inatha."

"Munakwatira, asajeni?" anafunsa a Kamtedza.

"Zaka zambiri."

"Nkhani yake inatha?"

Sajeni anayang'ana kumene kunali nyumba yake, anapumira m'mwamba, n'kutsegula chipata.

Mlandu unakambidwa pansi pa mtengo wa mango, madengu akusinthana kuseri. Ankhoswe a mbali zonse anadzudzula Yotamu, anadzudzula Nelesi pang'ono, n'kuwayanjanitsa. Koma mai Nasoko pomaliza anachenjeza kuti bala la m'banja silipola tsiku limodzi, limatha kuyambiranso, makamaka masiku a msika. A Kamtedza anavomereza kuti nawonso aona kuti masiku a msika ndi oopsa pa mabanja.

Kuyambira pamenepo banja la Yotamu linatchuka m'dera lonse kuti ndi losakhazikika. Mbiri inafika ku Pampando kuti kumene kuli ana onenepa kuposa onse ndi komwenso kuli mkazi wolongolola kuposa onse. Nduna zinakhala pansi kufufuza, ndipo zinapeza kuti phokoso la m'banja limathandiza chakudya cholonjera kugwira bwino m'thupi. A Mbwetule anapita kukafotokoza zimenezi ku msonkhano wa maufumu oyandikana, n'kubwerako ndi chipewa china.

M'mawa wina wa tsiku la msika Yotamu anadzuka n'kupeza Nelesi akumupindira malaya bwinobwino, akuika m'phukusi. Pakati pa malayawo anabisamo chikhatho cha mpunga wokazinga womanga m'kansalu. Panja ankamva ng'ombe zikumangidwa ndi amayi akuitanizana. Kuwala kolowera pa zenera kunagwera pa khosi la mkazi wake, ndipo mtima wake unachita chimodzimodzi ngati kale.

"Lero ndalakwa chiyani?" anafunsa.

"Azakhali akuti ulesi tinagwiritsa kale sabata yatha. Lero wayang'ana mkazi wa mwini pa chitsime."

"Wa ndani?"

"Usankhe wekha. Koma ukasankha msanga ndikwiya zenizeni."

Yotamu anaseka, kenako anamugwira dzanja.

"Ndiuze chinthu chimodzi. Tsiku loyamba lija, unakwiyadi, kapena munali mutapangana ndi azakhali?"

Nelesi anamanga mfundo ya phukusi n'kuikoka ndi mano.

"Mpaka pa nsapato yoyamba ndinakwiyadi."

"Nanga yachiwiri?"

"Yachiwiri ndinali nditaona kuti anthu akuonerera, nzeru n'kundibwerera. Koma kulasa kokha ndinalasa ndi mtima wonse."

Anamukonza kolala, anamupukuta kanthu pa tsaya, n'kumuuza kuti agwetse nkhope chifukwa akuoneka wokondwa kwambiri. Kenako anatsegula chitseko, anaponya phukusi pabwalo mosamala kuti mpunga usatayike, anakoka mpweya, ndipo mawu ake anamveka mpaka pa phiri, kumene a Kamtedza anali atavala kale jekete.

"Choka pakhomo panga, kamberembere wa maso akuthwa iwe, ndipo ndisakuonenso mpaka madzulo."